Mmene Gitala Inandimangitsira kwa Magemu

Iwe Chikondi, tayamba waika kafoni kako pansi. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukuona. Munthu wa m'kagalasimo akuti ika chala apa, iwe waika. Ukalakwitsa umam'bweza m'mbuyo, iye osakwiya n'komwe. Ndiye ukudandaula kuti zala zikuwawa? Senderani kuno nonse, ndi inu omwe mukunamizira kutongola chimanga uko. Ine gitala sinangondipweteka zala ayi, inandimangitsa.

Inali nthawi ija ufulu utangobwera kumene, mbendera yatsopano isanasuluke ndi dzuwa. Ndinali nditangokwatira agogo anu a Faidesi, ndipo monga mwa mwambo ndinkakhala kwawo, kamudzi kena m'mbali mwa Lupande, chakumtunda kwa Msoro. Ukamwini inu simuudziwa. Masiku ano mumafunsirana pafoni n'kukachita lendi ku Mfuwe. Ife tinkalima munda wa apongozi, kuwamangira nkhokwe, kuwaingira anyani m'mapira, ndipo ukakumana nawo panjira unkalumphira patchire ngati waona njati. Apongozi anga aakazi nkhope yawo sindinkaidziwa bwinobwino. Ndinkawadziwira kutsokomola. Akatsokomola pang'ono, ndiye moni ameneyo. Akatsokomola motalika, dziwa kuti walakwa.

Chilimwe chimenecho malume anga a Zakeyo anabwera kuchokera kumigodi. Ulendo wa nthawi imeneyo sunali uwu wanu wokwera minibasi n'kumagona. Basi inkathera ku Fotijemusoni, kumene lero mukuti Chipata. Kuchokera apo umadikira lole ya mchere, ikasowa umatsika mapiri wapansi, akashembe akukuluma, madzi ukumwa a m'chigubu owawasa ndi bwemba. Malume anafika atavala jasi lalitali lofika m'maondo, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili chuchuchu, koma kuvula anakana. Kumsana anabereka gitala yofiirira yojambulidwa duwa pamimba. Mudzi wonse unawalondola mpaka pakhomo panga.

"Mphwanga," anatero, "ukwati wako sindinaudye. Landira iyi."

Ndinailandira ndi manja awiri nditagwada. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo gitala. Ndinali nditangoimvapo m'galamafoni ya aphunzitsi, ija yopukusa ndi dzanja, imene ikatopa woimba ankayamba kulira ngati ng'ombe.

Maphunziro anayamba m'mawa mwake. Malume anati gitala imayambira kumapazi. Anandiuza kuti ndiike phazi limodzi pamwala, ndipendeketse chipewa, ndiyang'ane kutali ngati munthu amene wasiyidwa ndi chibwenzi pasiteshoni ya sitima. Sitimayo ine ndinali ndisanaione, choncho ndinkangoyang'ana phiri. Tinachita zimenezo kwa masiku ndithu. Kuima ndinakudziwa, ndipo mpaka lero palibe wondiposa. Koma ndikafunsa za zala, malume ankangoti zala zimabwera zokha.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Malume, taimbaniko inuyo kuti ndione."

Anandiyang'ana modabwa. "Ine? Ine ndinaigula kuti ndijambulitse nayo chithunzi. Wojambulayo anati ndikuoneka ngati ndimaitha. Chinanso ukufuna chiyani?"

Komabe asanabwerere kumigodi anandisiyira nzeru imodzi. Anati nsambo uzikunga mpaka zilire ngati udzudzu. Ndinapotokola timakiyi tija ndi mphamvu zanga zonse za khasu. Nsambo yoyamba inati thwa! Yachiwiri inandicheka apa pamwamba pa diso, chipsera mukuchionachi. Inu mumauza anzanu kusukulu kuti agogo anakandidwa ndi nyalugwe. Ayi, ndi gitala. Pomwe malume ankatsazika, panali patatsala nsambo ziwiri zokha.

Ndi ziwirizo ndinkakhala pakhonde n'kumakwapula. Apongozi anayamba kutsokomola kuseri kwa mpanda, kutsokomola kosalekeza, mpaka ndinaganiza kuti adwaladi. Madzulo ake agogo anu anabwera n'kukhala pansi pafupi nane. Anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba.

"Amayi akuti nkhuku zaleka kuikira," anatero, "ndipo galu wasamukira kumudzi wina."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti phunzirani. Koma kutali."

Mkazi ameneyo sanandisekepo pamaso pa anthu. Ankasekera m'nsalu.

Kumishoni kunali makaniko wina amene anandipatsa waya wa buleki wa njinga yamoto yakufa. Anati ndikaumasula ndipeza tiwaya tambiri tating'ono toti n'kukhala nsambo. Mvula yoyamba inali itagwa, udzu utayamba kuphuka. Ndinatenga gitala ndi waya uja n'kulowa m'nkhalango ya mitsanya, kutali ndi nkhuku za apongozi. Kumeneko ndinamasula waya. Koma tiwayato tinkangopindika n'kukhala timagango tonga misampha. Tina ndinatipachika panthambi n'kumangirira miyala kuti tiongoke, tina ndinatisiya paudzu. Kenaka ndinaika phazi pachitsa, n'kuyang'ana kutali.

Ndinangomva phapha-phapha kumbuyo kwanga. Nkhanga inali italowetsa mwendo m'kawaya kamodzi. Ndinathamanga kuti ndikaimasule. Ndili chigwadire, nkhanga m'khwapa, waya m'manja, tiwaya tina tikulendewera pamwamba pa mutu wanga, ndinaona majombo.

Anali alonda a nyama, amene tinkawatcha magemu. Mkulu wawo anali a Sakala, munthu wamfupi wa ndevu zosongoka, woongoka msana ngati mtengo wa mbendera.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero mwaulemu.

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ife taswera. Nanga nkhangayo yaswera bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, za malume, za makaniko, za nkhuku zoleka kuikira. A Sakala anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu. Kenaka ananyamula gitala, n'kuisuzumira pabowo, n'kuinunkhiza.

"Opha nyama achenjera masiku ano," anauza anzawo. "Kale ankanamizira kufuna uchi. Tsopano akuyenda ndi magitala."

Musaseke kwambiri, chifukwa mlanduwo unali waukulu. Waya ndiye unkatha nyama m'chigwa muno, ndipo wogwidwa nawo ankapita kundende kuboma. Munda wa apongozi unali usanapaliridwe. Mkamwini wopita kundende nthawi ya dzinja akabwera ankapeza mkeka wake uli panja. Ndinayenda pakati pa magemuwo, gitala kumsana. Nkhanga inanyamulidwa ndi gemu wina mosamala ngati khanda, chifukwa inali umboni.

Kampu yawo inali tinyumba taudzu tozungulira mtengo wa mvunguti. Anati ndidikire lole yodzanditenga. Koma tsiku lomwelo kumwamba kunatseguka. Inu mwabadwira pamsewu wa tala, simudziwa makande a kuno. Nthawi imeneyo mvula ikagwa chigwa chinkatsekeka ngati botolo. Matope ankameza lole mpaka m'mazenera, ndipo munthu ukayenda phazi lililonse linkanyamula munda. Lole sinabwere mlungu umenewo, kapena wotsatira.

Chitokosi analibe. Ananditsekera m'kanyumba kosungira misampha yolandidwa, ndipo chitseko chake chinali chabango, chomangira ndi luzi chamkati. Ndinkadzitsekera ndekha. Kuthawa? Uku Lupande wadzaza ndi ng'ona, uku mikango. Nkhanga anaimangira khola lakelake. Inkadya mapira osankhidwa, ine ndikudya zotsala, chifukwa a Sakala anati wamlandu akaonda palibe kanthu, koma umboni ukafa mlandu wafa.

Koma a Sakala sanali munthu woipa. Ankakonda ufulu watsopanowo ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse ankafoletsa magemu ake pansi pa mbendera, ngakhale mvula ikugwa. Tsiku lina anandiitana.

"Mnyamata, nthawi ya atsamunda ndikanangokutumiza. Koma lino ndi dziko lathu, sitimanga munthu mwachisawawa. Ukuti ndiwe woimba. Chabwino. Lole isanakutenge udzaimba pano nyimbo imodzi. Ndikaizindikira, ndiwe woimba, uzipita. Ndikalephera, ndiwe wopha nyama."

"Bwana, nsambo zilipo ziwiri zokha."

"M'nyumba ukugonamo mwadzaza waya. Sankha."

Ndi mmene gitala yanga inapezera nsambo. Yaikulu inachokera ku msampha wa njati, zapakati ku misampha ya nswala, yaing'ono ku wa nkhanga yomwe ija. Ndinazikunga mwamantha, nkhope nditatembenuzira kumbali. Nditakwapula, ana a pakampu anathawira kwa amayi awo.

Amene anandipulumutsa ndi akazi a a Sakala, amene tinkawatchula kuti amake Rozi. Sanachite chifukwa cha chifundo ayi. Anabwera ndi munsi m'manja.

"Achimwene," anatero, "ine ndakulira kumishoni, ndinkaimba kwaya. Chimene mukuchitachi chikundiwawitsa mano. Mwina muleke, mwina muphunzire."

Gitala nawonso sankaidziwa, koma khutu anali nalo. Ankang'ung'udza liwu limodzi, ine n'kumapotokola kakiyi pang'onopang'ono mpaka nsambo igwirizane ndi liwu lawolo. Ndipamene ndinadziwa kuti nsambo siyenera kulira ngati udzudzu. Kenaka ankati ndiike zala paliponse n'kukwapula. Zikamveka moipa ankati, "Apo pali njoka, chokapo." Zikamveka bwino ankati, "Khala pomwepo," n'kudinda pamtengo wa gitala ndi phulusa lonyowa kuti ndisaiwale. Tinapeza malo awiri opanda njoka. Awiri okha, koma anati ndi okwanira nyimbo ya pamtondo imene akazi a kwathu ankaimba posinja mapira.

Tsopano iwe Chikondi, imva za zala. Waya wa njati sachitira chisoni munthu. Nsonga za zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, pansi pake panatuluka ena. Gemu wina anati ndiziviike m'madzi a mchere. Wina anati ndizipake ndulu ya nsomba. Wina anati ndigwire nyerere zoluma kuti zala zizolowere ululu. Ndinachita zonsezo, ndipo chimene chinathandiza sindikuchidziwa. Chovuta kwambiri chinali kusamuka kuchoka pamalo oyamba kupita pachiwiri. Zala zinkanyamuka chimodzichimodzi ngati nkhalamba zotsika m'bwato. Amake Rozi ankaimba mzere woyamba, n'kupita kukasonkhezera moto, n'kubwera kudzapeza ndangofika kumene pamzere wachiwiri.

Chimanga cha pakampu chinamera ngaiyaye ndili pomwepo. Ndinadya nawo bowa, maungu oyamba, ndi inswa. Magemu anasiya kunditcha wamlandu n'kumanditcha aGitala. Pokalondera ankandipempha kuti ndikhale chete mpaka atafika patali, chifukwa ndikayamba nyama zonse zinkasamukira tsidya lina ndipo analibe choti alondere. Koma ndikagona ndinkaganiza za agogo anu, mimba ikukula, akupalira okha munda umene ndinayenera kupalira ine. Mtima unkandiwawa kuposa zala.

Mvula itayamba kuchepa, panafika munthu wa njinga, njingayo ataisenza pamutu, kudzanena kuti lole yatitimira patsidya pa dambo ndipo anthu akuikankha. A Sakala anati mlandu uzengedwa m'mawa mwake.

Kutacha ndinatuluka m'kanyumba kanga n'kuona anthu awiri akubwera m'kanjira, matope mpaka m'maondo. Patsogolo panali agogo anu, akuyenda atagwira m'chiuno. Pambuyo pawo panali munthu wofunda nsalu kumutu. Anatsokomola motalika. Ndinalumphira kuseri kwa khola la nkhanga.

Agogo anu anandipeza komweko. "Tamva kuti lero akukutengani," anatero. "Ndinati ndibwere ndekha, amayi anakana. Akuti abwera kudzamva ndi makutu awo. Mukakwera loleyo, ukwati wathera pomwepo."

"Faidesi, nyimbo ndikudziwa imodzi yokha. Ndipo ngakhale imeneyo..."

"Imbani imeneyo."

Anthu onse anakhala pansi pa mvunguti. A Sakala anakhala pampando, chipewa pabondo. Nkhanga anaibweretsa ndi khola lomwe. Apongozi anakhala pamphasa atandifulatira, monga mwa ulemu. Ine ndinafunafuna mwala, n'kuikapo phazi, n'kupendeketsa chipewa chobwereka. Mpaka apo zonse zinkayenda bwino.

Nditayang'ana pamtengo wa gitala ndinapeza kuti thukuta la m'manja lafufuta madindo a phulusa aja. Ndinaika zala pamene ndinkaganizira. Panali njoka. Ndinasuntha. Panali njoka ina yoposa yoyamba. Chifukwa cha mantha ndinayamba kukwapula pang'onopang'ono, molemera, nduuu, nduuu, ndikupumira pakati kufunafuna njira. Nyimbo ya pamtondo, imene imathamanga ngati minsi iwiri, inatuluka ikuyenda ngati maliro a mfumu. Amake Rozi anaphimba nkhope. A Sakala anakwinya pamphumi. Ndinaona kuti sakuzindikira kanthu, ndipo patali ndinayamba kumva kulira kwa injini.

Pomwepo agogo anu anaimirira. Anaima njo, manja m'mbali, maso patsogolo, milomo yotseka. Amake Rozi atawaona anaimirira nawonso msangamsanga. Akazi ena a pakampu ataona akazi a bwana aima, anaima onse. Gemu wina wamng'ono anayang'ana akaziwo, anayang'ana mbendera, anayang'ana ine, kenaka anadzambatuka n'kumenyetsa jombo pansi. Anzake anatsatira.

A Sakala anatsala okha pampando. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Nyimbo yapang'onopang'ono, yolemera, anthu onse aima chilili pansi pa mbendera: ingakhale nyimbo yanji? Iwo, amene ankafoletsa anthu pamvula chifukwa cha dziko, akhale okhawo osazindikira nyimbo ya fuko? Anadumpha ngati alumidwa ndi chinkhanira, chipewa kumutu, dzanja pachipumi, ndevu zikunjenjemera. Ngakhale apongozi anga anaimirira, chifulatirebe, akulemekeza tchire.

Ine sindinadziwe chimene chikuchitika. Ndinangopitiriza, poopa kuti ndikaleka andimenya. Ndinasiya pamene nsambo ya njati inaduka.

A Sakala anatsitsa dzanja, maso ali ndi misozi.

"Bwana," ndinafunsa, "mwaizindikira?"

"Ukufunsa ine? Ndinaizindikira pa liwu loyamba lenilenilo. Ndimangofuna kuona ngati anyamatawa ali tcheru." Kenaka anasendera pafupi n'kundinong'oneza: "Ndiwe woimba, mlandu watha. Koma usadzaiimbenso pagulu. Mmene ukuiimbiramo, boma likhoza kukumanga pa mlandu wina."

Ndinatembenuka kuti ndithokoze agogo anu chifukwa cha nzeru yawoyo. Anali chiimire, atagwira mkono wa amake Rozi, thukuta lili pamphumi.

"Faidesi, wandipulumutsa! Unaganiza bwanji zoimirira?"

"Zoganiza zanji?" anatero akukukuta mano. "Msana wandigwira. Chokani apa, itanani amayi."

Sanaime chifukwa cha nyimbo ayi. Matenda a uchembere anali atayamba, ndipo kukhala pansi kunali kutakanika. Amake Rozi anaimirira kuti awagwire. Ena onsewo anangotsatira.

Akazi anawalowetsa m'nyumba ya a Sakala, ife amuna anatithamangitsira kumvunguti. Lole inafika masana ili matope okhaokha, dalaivala n'kufunsa kuti wamlandu ali kuti. A Sakala anati kulibe wamlandu, kuli mlendo wa boma. Dalaivalayo, amene anavutika m'dambo chifukwa cha ine, anakhala pansi n'kugwira kumutu. Anamphikira nkhanga ija kuti mtima utsike.

Dzuwa litapendeka tinamva nthungululu. Amake Rozi anatuluka n'kunena kuti ndi mwamuna. A Sakala anavula chipewa n'kupempha kuti dzina atche iwo, popeza mwanayo wabadwira m'nyumba mwawo, pa tsiku la ulemu. Apongozi anatsokomola pang'ono m'nyumbamo, kutanthauza kuti avomera. Ndiye mukamamva atate anu aakulu, amene mumawaopa aja, akudzitchula kuti a S. Banda, muzidziwa kuti S ameneyo ndi Saluti. Musakawauze kuti mwamva kwa ine.

Ine ndinakhala pansi pa mtengo, gitala pamiyendo, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Mwanayo sindikanaloledwa kumuona mpaka mchombo utagwa. Patapita nthawi amake Rozi anatulukanso n'kubwera kwa ine.

"Akazi anu akuti muwaimbire," anatero. "Akuti mwana adziwe kuti atate ake alipo, sanapite ndi lole."

Ndinaimirira msanga n'kuyamba kulunjika kukhomo. Anandigwira malaya.

"Akuti muimbire uko, kuseri kwa chulu."

Ndinapita kuseri kwa chulu, ana inu, ndipo ndinaimba ndi nsambo zotsalazo mpaka dzuwa linalowa. Tsiku limenelo zala zinafika pamalo onse awiri pa nthawi yake.

Basi, bwererani ku chimanga chanu, nkhuku zayamba kukuthandizani.